Tayala Loyamba pa Dambo

Sadaka ya arubaini ya Che Twaibu, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire, tinadya sabata yatha, ndipo ine ndinachokapo mutu utaima. Tsiku la maliro zinthu zinali zomveka: nkhalamba yatisiya, tasambitsa, tanyamula, taika m'manda, aliyense walira kulira kwake. Koma pa sadaka paja panatuluka mawu amene andisiya ndikukayika ngati munthuyu ndinkamudziwa n'komwe. Chikhalirecho ndakhala nawo mudzi umodzi kuyambira chaka chimene ndinabwera chikamwini, nditakwatira mwana wa mlongo wawo, ndipo tsopano imvi zayamba kundituluka.

Mudzi wathu uli m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, tsidya la Mozambiki. Kutsogolo kwathu ndi madzi, kumbuyo kwathu ndi dambo lalikulu, ndipo ukawoloka damboli umapeza msewu wopita ku Entre Lagos, kumene kuli msika ndi siteshoni ya sitima. Amuna ambiri kuno ntchito yathu ndi imodzi: kutenga makumba ndi milamba kwa asodzi m'mamawa, kumanga pa njinga, n'kuthamangira kumsika nsombazo zisanafewe. Mvula ikagwa nyanja imakwera n'kumeza dambo lonse, ndiye timazungulira njira ya kumtunda, ulendo woti pofika nsomba zimakhala zitatopa kuposa iwe. Madzi akabwerera, pamwamba pa dambo pamauma msanga n'kuoneka ngati bwalo, koma pansi pakadali phala. Pena pamanyamula munthu ndi katundu wake, pena pamameza tayala lonse. Njira yakale imakhala itafufutika, ndipo pamene panali polimba chaka chatha si pamene pali polimba chaka chino. Choncho chaka ndi chaka pamafunika munthu woyamba kuponda.

Munthuyo anali Che Twaibu. Palibe anawasankha, ndipo palibe amakumbukira chaka chimene anayamba. Tinkangodziwa kuti tayala la munthu wina silinkalowa m'dambo iwo asanadutse, ndi kuti mzere umene tayala lawo lasiya ndiwo unkakhala njira ya mudzi wonse mpaka dambo litaumiratu. Analibe ng'ombe, analibe bwato lalikulu, kumzikiti sankakhala mzere wakutsogolo. Chawo chinali chimenechi basi. Maso atayamba kuchita ng'ala, chimene ankaopa sanali manda. Ankaopa kudzakhala pakhonde n'kumva kuti wina watsegula dambo iwo akadali moyo.

Ine ndine wakumtunda, kufupi ndi Vila ya Mecanhelas, kumene nthaka ndi yolimba ndipo njinga imakhala ndi ziwalo zake zonse. Yanga ndinabwera nayo itavala madigadi, mabuleki akugwira, chishalo chili m'mwamba. Ndisanazolowere n'komwe madzi akumudziko, ndinadzuka m'mawa wina n'kupeza bambo wamfupi, mkanjo ataupindira m'chiuno, atagwada pa njinga yanga ndi sipanala. Madigadi anali kale pansi.

"Pepani akuluakulu, njingayo ndi yanga," ndinatero.

"Ndikudziwa, akamwini. Ikanakhala yanga bwenzi ili yathanzi."

Anamasula mabuleki, anatsitsa chishalo mpaka mapazi anga onse kumafika pansi, anachotsako mpweya m'matayala. Kenako anatola zitsulo zija n'kundipatsa m'manja. "Izi kazipachikeni kudenga. Akadzakusudzulani mudzabwerera nazo kwanu."

Ndinapsa mtima. Ndinakadandaula kwa mkazi wanga, ndipo iye anaseka mpaka kugwira khoma, nati amenewo ndi atsibweni ake ndipo ndithokoze kuti andisiyira mahandulo. Tsiku limene ndinayamba kulowa m'dambo ndinamvetsa theka la nkhaniyo. Dothi lakeli ndi makande, lakuda bii, ndipo limakanirira pa tayala n'kumakwera nalo. Likapeza digadi kapena buleki limadzazana pamenepo mpaka gudumu kuima nji. Chishalo chachifupi n'choti njinga ikaterereka mapazi agwe pansi msanga mtanga usanagubuduke. Theka linalo sindilimvetsa mpaka lero. Ngakhale tifike pa msewu wouma, palibe amabwezera mabuleki, timaimitsa njinga ndi chidendene pa tayala. Ku Entre Lagos amatizindikira tikadali kutali: mawondo tang'a, maso pansi, patapata akufuka. Amayi ogulitsa tomato akationa amayamba kukokera malichero awo kumbuyo.

Che Twaibu ankati mabuleki ndi a anthu okhala kumene dziko linapendekeka, ndipo kuno woimitsa njinga ndi dothi, limene silipempha chilolezo kwa munthu. Ankaletsa kuima pakati pa dambo, kuimirira pa mapedulo, ndi kucheuka. Ankati munthu azipalasa ngati waberekera khanda logona kumbuyo, osathamanga komanso osaleka. Akamva kuti mnyamata wina wagula mota, njinga yamoto ija, ankamufunsa ngati wagulanso anthu oti azidzamuzula.

Tsiku lotsegula dambo ankalisankha okha, osauza munthu mpaka dzulo lake. Ankadzaza thumba ndi mchenga wonyowa, wolemera ngati mtanga wa nsomba, n'kulimanga pa kaliyala. Akaswali m'mawa ankavula nsapato, chifukwa tsiku limenelo ankapalasa ndi mapazi okhaokha, n'kulowa m'dambo ali okha, atalozetsa mphuno ku mlambe waukulu umene uli tsidya lina pafupi ndi msewu. Ife tinkaima m'mbali kuwayang'ana akuchepa. Masana ankatulukira pa mzere womwewo, miyendo ili bii, n'kunena liwu limodzi: "Pitani." Mawa lake tinkapitadi, tayala pa tayala, mpaka kanjirako kukhala kolimba ngati pabwalo la mtondo.

Koma mzere wawo sunkawongoka ayi. Unkakhota pamene panalibe chokhotera, n'kulowa dala pamene maso ako akukuuza kuti apa ndi pamatope. Ndipo ukafunsa, yankho linkatengera amene wafunsa. Ine anandiuza kuti amayang'ana udzu, wobiriwira kwambiri amauthawa. Mlamu wanga anamuuza kuti amayang'ana akakowa, pamene aima sapitapo. Shehe anawauza kuti zonse ndi Mulungu. Amayi a pachitsime anawauza kuti njinga imasankha yokha, iwo amangoiperekeza. Chaka china ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chimene njira yadutsira pakati pa udzu wobiriwira kuposa wonse.

"Umenewo ndi udzu wina, akamwini."

"Wina uti?"

"Wobiriwira mwina."

Ndinabwerera kunyumba mutu ukuwawa. Mpaka pano sindingalumbire ngati bamboyo ankadziwa dambo kapena ankangolota ali maso. Chimene ndingalumbire n'chakuti m'zaka zanga zonse kuno palibe anatitimira pa mzere wawo.

Munthu yekhayo amene ankawatsutsa poyera anali a Lusiyano. Awa ndi amsinkhu wawo, Mkhristu, wobadwira konkuno, koma nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi n'kukakhala zaka zambiri kumapiri a ku Ntaja. Njinga anaphunzirira kumeneko, pa zitunda zoti ukapanda mabuleki amakakutola kumunsi. Mtendere utabwera anabwerera ndi njinga ya mabuleki, belu ndi kagalasi, ndipo anakanitsitsa kwamtuwagalu kuchotsa chilichonse. Madigadi okha anachotsa mwakachetechete, n'kumauza anthu kuti anawabera. Ankayenda ndi kamtengo kotokosera matope m'mabuleki, ndipo pakamwa pawo sipankapuma.

Awiriwa ankakumana pansi pa mtengo wa mango kudoko, pamene timamatira machubu, ndipo zinkayamba asanapatsane moni.

"Inu a ku Malawi, belulo mukuimbira ndani m'dambo muja? Achule?"

"Ndikuimbira inu, Che Twaibu, kuti mudzuke. Anzathu kwina akuyenda molunjika, inu mukutiyendetsa ngati njoka yoledzera. Komboyo, sitima ija, ikafika pa siteshoni siidikira munthu wozungulira."

Ikafika pa nkhani ya nkhondo inkatentha. Che Twaibu ankadzitama kuti iwo sanathawe, anakhala m'dziko lawo. A Lusiyano ankayankha kuti kubisala m'mabango madzi ali m'khosi nakonso n'kuthawa, kungoti n'konyowa. Ankatha kukhala osalankhulana mpaka mwezi. Koma pa Idi mbale yoyamba ya mpunga yochoka kwa Che Twaibu inkapita kwa a Lusiyano, ndipo pa Khirisimasi nkhuku ya a Lusiyano ankazinga ndi Che Twaibu, kuti nawonso athe kudya nawo. Ine mkamwini ndinkangoyang'ana, osadziwa ngati ndiwalanditse kapena ndiwasiye.

Ng'ala inabwera pang'onopang'ono. Pafupi ankaonabe mwachimbuuzi, koma zakutali zinawathawa. Anayamba kudikira kuti iwe uyambe kulankhula asanakutchule dzina. Tsiku lina anapereka salamu kwa mtolo wa bango wotsamira pakhoma, ndipo utapanda kuyankha ananena mokweza kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Akazi awo, Abiti Saidi, anawachonderera kuti apite kuchipatala ku Cuamba. Iwo anakana, nati munthu wopita kuchipatala cha maso ndiye kuti waulula kwa mudzi wonse, komanso madzi ali pafupi kubwerera. Tonse tinkaziona izi, ndipo tonse tinkachita ngati sitikuziona.

Ndiye kunadza chaka chimene timachitchula kuti cha njira yokhota. Analowa m'dambo monga mwa masiku onse, anachedwa kubwera kuposa kale, koma anabwera, nati, "Pitani." Mawa lake tinamanga mitanga yathu n'kutsatira. Poyamba zonse zinali bwino. Koma titafika pakati mzere unakhotera kumanzere, ndipo sunabwererenso. Mlambe umene umayenera kukhala kutsogolo unafika pa phewa lakumanja, kenako unapita kumbuyo kwathu. Tinangopalasabe, popeza m'dambo suima ndipo sucheuka. Tinakatulukira pafupi ndi doko la mudzi woyandikana nafe, pa njira ya kumtunda yomwe ija tinkazungulira nyengo yonse ya mvula. Pofika ku Entre Lagos dzuwa linali pamutu, ogula atabalalika, makumba ali lobodo. Tinabwerera nawo kuti akazi awang'ambe n'kuwamba.

Chimene chimandizunguza n'chakuti mawa lake tinadzeranso momwemo. Mkuja mwake chimodzimodzi. Amuna aakulu, a ndevu zathu, mlambe tikuuona uko, koma tikutsatira mzere wopita kwina. Zifukwa zinayamba kumera zokha. Ena ankati pakati paja mvuu zakumba zithaphwi. Ena ankati madzi afukula bomba la nthawi ya nkhondo. Ena ankati pabuka kasupe. Chifukwa chilichonse chinkafika ndi mawu oti "anena Che Twaibu," pamene eni akewo sananene kalikonse. Ankangokhala pakhonde, khutu lili kudambo.

A Lusiyano anapirira masiku angapo, kenako zinawakwana. Analankhula pansi pa mango paja, anthu onse akumva.

"Ine mawa ndilunjika pa mlambe. Ndikamira, mudzatenge belu langa mupatse Che Twaibu, akhale nacho chondikumbukira."

Tonse tinatembenukira kwa Che Twaibu kudikira yankho. Anapitiriza kupala chubu chimene chinali m'manja mwawo, pamalo popala kale. Kuyambira pamene ndinawadziwa ndinali ndisanaonepo akusiya mawu a a Lusiyano kugwa pansi osawatola, ndipo ndinachita mantha.

Madzulo a tsikulo ndinapita kumtunda kukaona mayi anga amene ankadwala, ndipo ndinagona komweko. Pobwerera m'mawa ndinadzera pa mlambe paja, pamene pali maenje oumbira njerwa. Ndinapeza a Lusiyano akutuluka m'dambo, mtanga uli pambuyo, matayala ali mbuu ndi fumbi, dzuwa lisanakwere n'komwe.

"Mwadzuka bwanji, a Lusiyano? Mwawoloka?"

"Ndawoloka."

"Pouma?"

"Gwa! Ngati msewu wa tala."

Ndinayembekezera kuti aliza belu mpaka kumveka ku Malawi. Koma anangoima, kuyang'ana mzere wawo wowongoka umene unali kumbuyo, kenako kuyang'ana mlambe.

"Munthu uja mtengowu sauonanso," anatero. "Akanauona sakanakhota."

Anatsamiritsa njinga, anapinda buluku, n'kutsikira m'dzenje la njerwa mmene munali madzi otsalira. Anayamba kutapa matope ndi manja awiri n'kumadzipaka m'miyendo mpaka m'ntchafu. Anapaka matayala, masipoko, mabuleki awo okondedwa aja, ngakhale pansi pa mtanga.

"Kodi mukutani, akuluakulu?"

"Ndikumira. Simukuona?"

"Nanga nsomba zathu zikuola zija?"

"Nsomba muwamba, akamwini. Uja mungamuwambe?"

Anandiuza kuti ndizungulire njira yokhota ija ngati munthu wosadziwa kanthu. Iwo anatembenuza njinga n'kulowanso m'dambo akukankha, akukhwekhwereza mapazi kuti mzere wawo uwonongeke.

Nditafika kumudzi ndinapeza anthu atawazungulira pansi pa mango, iwo akufotokoza mmene dambo linawamezera mpaka m'chiuno. Ndinayang'ana kamodzi n'kuona cholakwika. Matope a m'dzenje la njerwa ndi katondo, ofiira psuu. A m'dambo ndi makande, akuda ngati m'munsi mwa mphika. Munthu aliyense wokhalitsa kunyanja sakanalakwitsa chotero, koma awa miyendo yawo inazolowera ku Ntaja. Taganizani munthu wofiira mpaka m'ntchafu akulumbira kuti wamira m'dothi lakuda, pamaso pa anthu amene dothilo amalichotsa m'zikhadabo tsiku ndi tsiku. Koma palibe anaseka. Amayi ankangoti, "Pepani, pepani, mwapulumuka." Mlamu wanga anafika pofunsa kuti anazulidwa bwanji, ndipo anamvetsera yankho lonse akugwedeza mutu.

Che Twaibu anafika pomaliza. Anapapasa mpaka dzanja linapeza tayala, anatsinako matope, anawatikita pakati pa zala, n'kuwafikitsa pamphuno. Katondo ali ndi timchenga, makande ndi osalala ngati sopo, ndipo zala zimenezo zinali zitagwira makande moyo wawo wonse.

"Ndinakuuzani, inu a ku Malawi," anatero potsiriza. "Dambo si Ntaja."

Anapukutira zala pa mkanjo n'kubwerera kunyumba, ndipo mkazi wanga anamva kwa Abiti Saidi kuti tsiku limenelo sanadye.

Ine ndinali ndi chisoni komanso ukali nthawi imodzi, ndipo sindinkadziwa woti ndimukwiyire. A Lusiyano ananama, mudzi wonse unawathandiza kunama, mwini wake wonamizidwayo mwina anadziwa n'kuvomera kunamizidwa. Ngati aliyense ankadziwa, ndiye tinkabisira ndani? Funso limeneli ndinkapalasa nalo m'mawa uliwonse, chifukwa tinapitirizabe kudzera njira yokhota mpaka dambo linaumiratu ndipo ng'ombe zinayamba kuwoloka paliponse. Chaka chimenecho mudzi wonse unanunkha utsi wa nsomba, ndipo m'nyumba zambiri ana anadikira zovala zatsopano mpaka chaka chinacho.

Madzi atabwereranso chaka chotsatira, tinali ndi nkhawa yosaneneka. Che Twaibu analengeza tsiku, anamanga thumba la mchenga, anavula nsapato. Tili chiimire m'mbali mwa dambo, tinamva belu. A Lusiyano anatulukira nawonso atamanga thumba lawo la mchenga.

"Chaka chino ndikufuna ndikaone ndi maso anga chinyengo chanuchi," anatero.

Chiyambire palibe analowapo nawo pa tsiku lotsegula, ndipo tinadikira mkuntho. Che Twaibu anapendeketsa mutu.

"Bwerani muphunzire. Mwina mungadzafe muli ndi nzeru."

Analowa ali phewa ndi phewa, Che Twaibu kumanzere, a Lusiyano kumanja, akukangana. Tinamva za achule, za mabango, za nkhuku ya Khirisimasi imene akuti inali yowonda, belu likulira pakati, mpaka mawu anazimirira. Masana anatulukira akukanganabe. Che Twaibu anati, "Pitani," ndipo mawa lake tinakatulukira pa mlambe penipeni, pouma, dzuwa lisanapse. M'malo mwa mzere umodzi munali iwiri, yoyenda pamodzi, pena kutalikirana pang'ono, pena kupingasana. Matayala athu anaiphatikiza n'kukhala njira yotakata kuposa kale, moti ngakhale anyamata a mota anaikonda.

Zinakhala choncho zaka zonse zotsatira, mpaka maso a Che Twaibu anazimiratu. Ine mumtima ndinkati nkhaniyi ndaimvetsa: wotsogolera ndi a Lusiyano, ndi pakamwa pawo ndi belu lawo, ndipo Che Twaibu akungobwereketsa dzina. Sindinauze munthu, ndipo ndinkadziona wochenjera. Che Twaibu anamwalira ndi chifuwa kumapeto kwa mvula ya chaka chino. Masiku awo omaliza aliyense wobwera kudzawazonda ankamufunsa funso limodzi, kuti madzi afika pati. Anapita dambo likadali nyanja, tayala la munthu wina lisanawayambirire, ndipo pa chimenechi ndinawakondwerera.

Pofika tsiku la sadaka madzi anali atabwerera. Titatha kudya, amuna tinayang'anana, ndipo mlamu wanga, amene tsopano ndiye mkulu pa banjapo, anakhosomola n'kutembenukira kwa a Lusiyano.

"Bambo, dambo lauma pamwamba. Tiuzeni tsiku. Palibenso chobisa, tonse tikudziwa kuti zaka zonsezi munkawatsogolera malemu ndinu."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti chinsinsi changa chija chinali cha mudzi wonse. Koma a Lusiyano anaika kapu pansi n'kutiyang'ana ngati tawalankhula Chimakua cha ku Nampula.

"Ine? Dambo ndingalidziwire kuti ine? Ndekha ndinawoloka tsiku limodzi lija basi, mwamwayi. Ndinkapita nawo kuti akagwa pakhale wowadzutsa. Maso anga ankakhala pa tayala lawo lakutsogolo. Likakhota, nane ndakhota."

"Nanga mlambe ankauona ndani?"

"Ndikanauona nthawi yanji, maso ali pansi?"

"Nanga kulongolola konse kuja?"

"Anali mantha, mwana wanga. Ndikachita mantha ndimalankhula."

Kumbali ya amayi, kuseri kwa mpanda wa bango, kunamveka liwu la Abiti Saidi, amene chiyambire maliro anali asanalankhule pagulu.

"A Lusiyano, musatero pa sadaka ya anzanu. Iwo ankandiuza okha. Ankati, 'Ine sindionanso kanthu, ndimangotsatira pakamwa pa munthu uja. Akamvekera kumanja ndipita kumanja.'"

"Ananena choncho, mayi?"

"Chaka chilichonse, ndikamawathirira madzi osamba m'miyendo."

A Lusiyano anavula chipewa n'kuphimba nacho kumaso, mapewa akugwedezeka, ndipo sindikudziwa ngati ankalira kapena kuseka. Wina kumbuyo anafunsa chapansipansi kuti ndiye ankatsogolera ndani. Shehe anayang'ana m'manja mwawo. Tinabalalika tsiku lisanatchulidwe.

Ndaiganiza nkhaniyi mpaka tulo kundithawa. Mwina mmodzi mwa awiriwa ankanama pofuna kulemekeza mnzake, monga ankachitira kale. Mwina mapazi a Che Twaibu ankamva dothi pamene maso analephera, ndipo a Lusiyano ankaba mlambe ndi ngodya ya diso osadziwa okha. Kapena zonse ndi zoona monga ananenera, ndipo ife takhala tikuwolotsa chakudya cha ana athu pa njira imene palibe anaisankha. Ndikayesa kugwira limodzi mwa maganizo amenewa, linalo limandikoka malaya.

Padakali pano tikuzungulirabe kumtunda, ndipo akazi ayambanso kutola nkhuni zowambira. M'mawa uliwonse timayamba tafika polowera dambo, ngati kuti tangodutsa. Pamalopo papondedwa mpaka pachita fumbi, ndipo pali matayala ambirimbiri ofika m'mphepete n'kutembenuka. Dzulo ndinapezapo a Lusiyano ali okha, thumba la mchenga lili pa kaliyala. Sanandione. Anakwera n'kulowa, osalankhula, mutu atautembenuzira kumanzere kwawo, maso ali pansi. Anapalasa kamtunda kochepa, koti ukaponya mwala ungafike, kenako anatsika n'kubwerera akukankha.

Lero m'mawa ndinaima pomwepo. Dambo lili yalaa mpaka kumene maso amalekezera, lang'ambikang'ambika pamwamba, timaudzu tatsopano tikutuluka m'ming'alu. Chizindikiro cha munthu chilimo chimodzi chokha, kamzere ka a Lusiyano kolowa pang'ono n'kuthera panjira. Kumanzere kwake, mpata wa mkono umodzi, dothi lili see, silinapondedwe.